Manja a Ophunzira Pasukulu ya ku Khondowe

Kale mnyamata wofuna kudziwa kusula makasu ankapita kuchipala kukakhala pambali pa mmisiri. Kumeneko sankangopenya ayi. Iye ndiye ankafukuta mvukuto, kuthira makala pamoto ndi kugwira chitsulo ndi mbaniro pamene mmisiri ankamenya ndi nyundo. Mnyamatayo akatopa kapena kuthawa, moto unkazilala ndipo khasu silinkatuluka. Komabe khasu likafika kumunda, anthu ankatama dzina la mmisiri yekha.

Mbiri ya sukulu m'boma la Rumphi ikufanana kwambiri ndi zimenezi. Mabuku amatchula mayina a aphunzitsi ochokera ku Scotland amene adabweretsa makina osindikizira mabuku, lamya ndi magetsi paphiri la Khondowe. Sanena zambiri za anyamata amene ankayendetsa zipangizozo tsiku ndi tsiku, amene popanda iwo mphunzitsi sakadatha kuphunzitsa ngakhale kwa mlungu umodzi.

Amishoni a Livingstonia adalowa m'Nyanja ya Malawi m'mwezi wa Okutobala 1875 pasitima yotchedwa Ilala, nakhazikika ku Cape Maclear. Mmodzi mwa iwo adali Dr Robert Laws wa mumzinda wa Aberdeen. Asadaphunzire zaudotolo ndi zaubusa, Laws adayamba waphunzira ntchito ya bambo wake yopala matabwa ndi kupanga mipando ndi makabati, ndipo mwina n'chifukwa chake moyo wake wonse sadakhutire ndi maphunziro a m'mutu okhaokha. Malungo atawasautsa ku Cape Maclear, amishoniwo adasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881. Ntchito ya ku Cape Maclear adaisiya m'manja mwa Albert Namalambe, wophunzira wawo amene adali woyamba kubatizidwa m'chaka chomwecho. Motero mishoniyi idayamba kutsamira pa ophunzira ake idakali yakhanda.

Ku Bandawe nakonso malungo sadawaleke. M'chaka cha 1894 Laws, pamodzi ndi womuthandiza wake Yuraia Chirwa, adakwera mapiri a kumpoto kufunafuna malo ozizira, ndipo adasankha Khondowe, chidikha cha pamwamba pa phiri m'dziko la Aphoka, pafupifupi mamita 900 kuchokera pamene palekeza madzi a nyanja. Apo ndipo adatsegula sukulu yaikulu yotchedwa Overtoun Institution, potsanzira sukulu ya Lovedale ya ku South Africa. Dzinali lidachokera kwa Lord Overtoun, mpondamatiki wa kufupi ndi Glasgow amene adapereka ndalama zambiri. Mkuluyu adali ndi fakitale ya mankhwala, ndipo m'chaka cha 1899 adadzudzulidwa poyera kwawo komweko kaamba kogwiritsa antchito ake maola ochuluka m'malo owononga thanzi. Chomwecho thukuta la amphawi a ku Scotland lidali nawo m'maziko a sukulu ya ku Khondowe.

Vuto loyamba la amishoni lidali kuchepa kwawo. Azungu adali owerengeka, ndipo ambiri ankadwala, ena kumwalira, pamene ana ofuna sukulu ankachuluka chaka ndi chaka. Njira yothetsera vutoli sidali yachilendo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Andrew Bell adaona ana a ku Madras m'dziko la India akuphunzitsana kulemba pamchenga, ndipo adakonza dongosolo loti wophunzira wotsogola aziphunzitsa anzake a m'munsi. Joseph Lancaster adachita zofanana ndi zimenezi pasukulu yake ya ku London kuyambira 1798. Wophunzira wotereyu ankatchedwa monitala, ndipo dzinali lidafika kuno n'kumera mizu.

Monitala wa masiku amenewo adali wosiyana ndi wa lero amene ntchito yake yaikulu ndi kulemba mayina a olongolola. Iye adali msungi wa zipangizo zonse za sukulu. Zipangizozo zidali zochepa: bolodi, choko, mapepala aakulu a zilembo opachika pamtengo kapena pachipupa, ndi masileti. Lero sileti limaoneka ngati chinthu chachabechabe, koma nthawi imeneyo lidali katundu wochokera kutsidya kwa nyanja zazikulu. Linkayenda pasitima mpaka kugombe la Mozambique, kukwera mitsinje ya Zambezi ndi Shire, kusenzedwa pamitu ya amtengatenga polambalala mathithi, kenaka kukweranso sitima ya panyanja. Sileti likasweka, lina linkatenga miyezi kuti lifike. Tsono monitala ndiye ankawagawa m'mawa ndi kuwawerenga madzulo, ndipo pamene sadakwane ankasalaza dothi kuti ana ang'onoang'ono alembepo ndi chala.

Padalinso chipangizo china chimene mphunzitsi wachizungu adalibe, ndicho lilime. Laws adadziwa Chinyanja ndithu, mpaka adamasulira Chipangano Chatsopano ndi kutulutsa buku lotanthauzira mawu a Chingerezi m'Chinyanja m'chaka cha 1894. Koma ku Khondowe kunkafika ana oyankhula Chitonga, Chitumbuka, Chingoni ndi Chinkhonde. Mphunzitsi wongofika kumene kuchokera ku Scotland sakadatha kufotokoza ngakhale masamu ophweka popanda wophunzira woima pambali pake kutanthauzira. Pomasulira mabuku, amishoni ankafunsanso ophunzira omwewo kuti mawu akuti amatanthauzanji, ndipo mneni wakuti amasintha bwanji. Apa zidali zovuta kunena kuti wophunzitsa ndani ndipo wophunzira ndani.

Ku Khondowe ophunzira adali m'magulu awiri. Ena ankatsata maphunziro a m'kalasi kuti adzakhale aphunzitsi, alaliki, othandiza m'chipatala kapena makalaliki, ngakhale kuti nawonso ankayenera kugwira ntchito yamanja. Ena ankalembedwa kwa zaka zingapo kuti aphunzire umisiri: ukalipentala, kumanga nyumba, kusula zitsulo, ulimi ndi kusindikiza mabuku. Mwa zonsezi, ntchito yosindikiza ndiyo idagwirizana kwambiri ndi za m'kalasi, pakuti sukulu zam'midzi, zimene zidafika mazanamazana, zinkadalira mabuku ndi mapepala ochokera kunyumba yosindikizira ya mishoni.

Ntchitoyi idali yofuna kudekha. Chilembo chilichonse chidali kachitsulo kakekake, kosungidwa m'kachipinda kake m'bokosi lalikulu. Mnyamata ankatola zilembozo chimodzichimodzi ndi kuzindandalika chagada ndiponso chobwerera, kotero kuti ankayenera kuphunzira kuwerenga mawu monga amaonekera pagalasi. Mzere ukatha ankayamba wina, mpaka tsamba lonse litakwana. Kenaka ankalimanga zolimba m'chimango chachitsulo, kulipaka inki ndi kulidinda papepala. Kusindikiza kukatha, zilembo zonse zinkayenera kubwerera m'zipinda zake, chifukwa chilembo chimodzi chosokera chinkabala cholakwa m'buku lotsatira. Ena mwa anyamatawo ankapinda mapepala, kusoka ndi kumata zikuto. Kuyambira m'chaka cha 1897 mishoni inkatulutsa nyuzipepala ya Chingerezi yotchedwa The Aurora, imene inkawerengedwa mpaka ku Scotland. Owerenga akutaliwo ankadziwa mayina a olemba nkhani, koma za zala zimene zidatola zilembozo ankangomva kuti ndi za anyamata a pamishoni. Ndipo poti mnyamata wosindikiza ndiye mwini chiyankhulo, iye ndiye adali woyamba kuona ngati mawu a Chitumbuka kapena Chitonga alembedwa mokhota.

Lamya idafika m'nyengo yomweyo. M'chaka cha 1892 Cecil Rhodes adayambitsa kampani yotchedwa African Transcontinental Telegraph, imene cholinga chake chidali kuyala nthambo kuchokera kummwera kwa Afirika mpaka ku Cairo. Zaka za m'ma 1890 zisadathe, nthamboyo idali itadutsa m'mbali mwa nyanja kulowera ku Karonga. Lamya ya nthawi imeneyo siinkanyamula mawu a pakamwa. Munthu ankagogoda kachitsulo, ndipo mphamvu ya magetsi inkanyamula kugogodako kupita kutali. Chilembo chilichonse chidali ndi kagogodedwe kake, kosakaniza kugunda kwakufupi ndi kwakutali, monga adakonzera Samuel Morse wa ku America. Kampani inkasowa anthu okhala m'maofesi ake akutchire, kumene Azungu ankadwala ndiponso ankafuna malipiro okwera. Khondowe idayamba kuphunzitsa ntchitoyi, ndipo anyamata ake adakagwira lamya m'malo ambiri. Luso limeneli limakhala m'khutu ndi m'chala, ndipo zala za wachinyamata sizichedwa kuposa za mkulu amene adaziphunzitsa.

Chodabwitsa chachikulu chidali madzi ndi magetsi. Ali kutchuthi kwawo, Laws adapita kukaphunzira za magetsi ku Edinburgh ngati mwana wa sukulu, iye ali bambo wa zaka pafupifupi 50. Atabwerako adayamba ntchito yokoka madzi m'mipope kuchokera kumapiri, ndipo madziwo adafika pamishoni m'chaka cha 1904. Chaka chotsatira, 1905, magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi a mtsinje wa Manchewe adayaka ku Khondowe, panthawi imene midzi yambiri ya ku Scotland komweko inkaunikirabe nyale zamafuta. Kagwiridwe kake kadali kotere: madzi otsika ndi liwiro ankazunguza mkombero wachitsulo, mkomberowo n'kuzunguza makina opanga magetsi, ndipo nthambo zinkanyamula mphamvuyo kupita kunyumba ndi kumalo a umisiri.

Koma makina ameneŵa sadauluke kuchokera ku Glasgow. Adatsitsidwa m'sitima padooko la Florence Bay, kumene lero kumatchedwa Chitimba, ndipo adayenera kukwera phiri lotsetsereka koopsa. Msewu wa Gorodi, wokhala ndi makona akuthwa pafupifupi 20, udakumbidwa ndi makasu ndi mapiki m'zaka zomwezo. Anthu a m'midzi ndiwo adasenza ndi kukoka katunduyo, ndipo ophunzira zaumisiri adagwira nawo ntchito yolumikiza mipope ndi kuimika mitengo ya nthambo. Makina akakhazikika ntchito siithera pomwepo. Amafuna wothira mafuta, wochotsa zinyalala zimene madzi amakokolola nthawi ya dzinja, ndi wolondola nthambo pamene mphepo yagwetsa mtengo. Mmisiri wachizungu mmodzi kapena awiri sakadakwanitsa zonsezi. Kunena zoona, mlendo ndiye adadza ndi kalumo kakuthwa, koma onola kalumoko tsiku ndi tsiku adali eni dziko.

Atsikana nawonso adalipo pasukuluyi, koma makina sadali gawo lawo. Iwo ankaphunzitsidwa makamaka kusoka, kuchapa, kuphika ndi kusamala pakhomo, kuwonjezera pa kuwerenga ndi kulemba. Amishoni adabwera ndi maganizo a kwawo pa nkhani ya ntchito za amuna ndi za akazi, ndipo adapeza kuti maganizowo sakusemphana kwenikweni ndi a kuno.

Funso limene lidadzavuta pambuyo pake lidali lakuti: wophunzira akadziwa ntchito mofanana ndi mphunzitsi wake, malo ake ali pati? Ena adapeza malo pamishoni pomwepo. Levi Mumba adaphunzira za malonda ndi kasungidwe ka mabuku a ndalama, ndipo adadzakhala wophunzitsa anzake maphunziro omwewo. Ameneyu ndiye adali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la North Nyasa Native Association m'chaka cha 1912, ndipo m'chaka cha 1944 adasankhidwa kukhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress. Luso lolemba makalata, kusunga malekodi a misonkhano ndi kuwerengera ndalama, limene adalitola pothandiza amishoni, ndi lomwe adadzaligwiritsa ntchito pokambirana ndi boma la atsamunda.

Ena zidawawawa. Charles Domingo adabwera kuchokera ku Quelimane ali kamnyamata m'chaka cha 1881, atatengedwa ndi William Koyi, mlaliki wa ku Lovedale. Adakulira pakhomo pa Laws, nakhala mmodzi mwa ophunzira anzeru kwambiri, ndipo adathandiza kuphunzitsa ku Khondowe. Adamaliza maphunziro a zaubusa naloledwa kulalikira, koma zaka zidapita osadzozedwa. Amishoni ankati Mwafirika ayenera kuyesedwa nthawi yaitali. Domingo adatopa nako kudikira, ndipo cha m'ma 1908 adachoka, nadzagwirizana ndi mpingo wina. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, adadzozedwa m'chaka cha 1914, patapita zaka pafupifupi 40 chifikire mishoni. Mwasi nayenso adadzapatuka m'chaka cha 1933. Apa amishoni adalakwa, ndipo palibe chifukwa chobisira. Adakhulupirira manja a ophunzira awo pa makina amtengo wapatali, pa ndalama ndi pa ana a sukulu, koma adazengereza kuwakhulupirira pa udindo.

Ambiri adangowoloka malire, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kumpoto kudalibe mafakitale kapena maofesi okwanira kulemba amisiri, makalaliki ndi odziwa lamya onse amene sukuluyi inkatulutsa. Motero anyamata a ku Khondowe adabalalikira ku Tanganyika, ku Rhodesia, ku Katanga ndi ku South Africa. David Kaunda adapita kwa Ababemba ndi gulu la ophunzira okalalikira m'chaka cha 1904, nakhazikika ku Chinsali monga mphunzitsi ndi mlaliki. Mwana wake, Kenneth Kaunda, adadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Clements Kadalie adamaliza maphunziro a uphunzitsi, adaphunzitsa kanthawi kochepa, kenaka adauyamba ulendo wakummwera, ndipo m'chaka cha 1919 adayambitsa ku Cape Town bungwe la apantchito lotchedwa ICU limene lidagwedeza South Africa yense. Mayiko enawo adakolola pamene Nyasaland idalima.

M'zaka za m'ma 1920 mphepo idatembenuka. Nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes la ku America zidayendera sukulu za kuno m'chaka cha 1924, ndipo zidalimbikitsa maphunziro ogwirizana ndi moyo wakumudzi m'malo mwa maphunziro apamwamba a anthu ochepa. Boma lidakhazikitsa nthambi yake ya zamaphunziro m'chaka cha 1926. Laws, amene ankalota zomanga yunivesite ku Khondowe, adapuma pantchito m'chaka cha 1927 malotowo asadapherezeke, ndipo adamwalira m'chaka cha 1934. Odzalowa m'malo mwake adachepetsa zambiri mwa zimene adayamba. Sikuti odzudzulawo adalibe mfundo, pakuti magetsi a paphiri sadafike m'midzi ya Aphoka yoyandikana nayo. Komabe chimene chidatayika chidali chachikulu.

Dziko litalandira ufulu, chipangizo chatsopano cha m'kalasi chidali wailesi. Malawi Correspondence College idakhazikitsidwa m'chaka cha 1965 kuti ithandize ana amene sadapeze malo kusekondale, ndipo maphunziro ena ankaulutsidwa pa MBC. Wailesi nayo inkafuna woisamala, woinyamula kuchokera kuofesi ya mphunzitsi wamkulu, wotchera siteshoni ndi woyanika mabatire padzuwa pofuna kufinya mphamvu yotsalira. M'chaka cha 1994 boma litachotsa fizi kupulayimale, ana adakhamukira kusukulu kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo mphunzitsi mmodzi adapezeka ali ndi khwimbi la ana pansi pa mtengo. Vuto la masiku a Laws lidabweranso, ndipo mankhwala ake adali omwe aja, odalira ana otsogola kuti athandize anzawo. Cha m'ma 2008 pulogalamu ya pawailesi yotchedwa Tikwere idalowa m'makalasi aang'ono, ndipo kuyambira 2013 sukulu zina zidayamba kulandira matabuleti ophunzitsira kuwerenga ndi masamu. M'chaka cha 2023 boma lidayamba kufalitsa matabuletiwa m'sukulu zambiri zapulayimale kudzera m'ndondomeko yotchedwa BEFIT.

Pamenepa pali kusiyana kumodzi ndi kale. Ku Khondowe mphunzitsi ndiye ankayamba kudziwa chipangizo, wophunzira n'kudzamupeza m'mbuyo. Lero kawirikawiri wophunzira amakumana ndi foni ya m'manja kunyumba, pamene mphunzitsi wake adamaliza maphunziro a ku koleji kompyuta isadafale. Zimenezi zidaonekera kwambiri sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Malichi 2020 kaamba ka mliri wa Covid-19, pamene aphunzitsi ena adayenera kutumiza ntchito kwa ophunzira kudzera pafoni. Kwa mphunzitsi amene adaleredwa m'mwambo woti wamkulu salakwa, kufunsa mwana wa Fomu 2 kuti amulumikizire kompyuta si chinthu chapafupi. Kwa mwanayo nakonso pamafunika nzeru kuti athandize popanda kuchititsa manyazi munthu amene mawa adzachonga mayeso ake. Mafunso akale aja sadathe: kodi wothandizayo akutayapo nthawi yake yophunzira? Kodi atsikana akupatsidwa mpata wogwira makinawo, kapena akungotumidwa kukasesa m'chipinda cha makompyuta? Ndipo kodi dzina la wothandizayo lidzalembedwa penapake?

Yunivesite imene Laws adailota idatsegulidwa ndi Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP m'chaka cha 2003, patapita zaka 76 iye atachoka, ndipo nthambi yake ya ku Khondowe imatchedwa ndi dzina lake. Pafupi pomwepo pali nyumba yamiyala imene Laws ankakhalamo, yomangidwa m'chaka cha 1903, momwe adasungamo zithunzi, makalata ndi zipangizo zina zamasiku oyambawo. Ophunzira okaona zakalezi amakwera phiri ndi mafoni m'matumba, ndipo akafika amazijambula.